Nthiti za Mtambo

Mlongo wake wa telala anamwalira atasiya kope lachikuto chobiriwira ndi kagalu kotuwa ka miyezi iwiri, komwe mapazi ake anali aakulu ngati a mwana wa ng'ombe.

Kagaluko anakagula ali kale wodwala. Tsiku limene anabwera nako atakafunditsa m'jekete, telala anamukalipira. "Achimwene, inuyo kapu ya tiyi ikukukanikani kumaliza, ndiye mwatibweretsera m'kamwa mwina?"

Iye anaseka mpaka chifuwa chinamugwira. "Ameneyu ndi Mtambo. Lero ndi kamtambo, koma dikira chaka chithe, adzatiphimba tonse m'nyumba muno."

Unali mtundu uja wa agalu amene akaima ndi miyendo yakumbuyo amaposa munthu wamkulu. Masabata ake omaliza mlongoyo anawathera pa kope lija. Dokotala wa ziweto anamufotokozera kadyetsedwe konse, iye n'kumalemba ali chogona, mwezi ndi mwezi, mpaka chaka ndi theka. Kumayambiriro zilembo zinali zowongoka. Chakumapeto zinkapendekeka ngati mpanda wodyedwa ndi chiswe. Tsamba lomaliza analipinda n'kulisoka ndi ulusi wofiira wa telala, masokedwe oipa a munthu amene sanagwirepo singano, ndipo pamwamba analembapo kuti: "Usatsegule mpaka Mtambo atakwanitsa chaka ndi theka."

Tsamba loyamba telala analiloweza pamtima. "Galu wa mtundu uwu asakule mothamanga. Mafupa ake ndi anthete, thupi likawalemera amapindika. Azidya chakudya cha m'thumba chokha, cholembedwa kuti cha tiana ta agalu aakulu. Uziyeza ndi kapu, katatu pa tsiku. Usaonjeze mkaka, mafupa, zigoba za mazira kapena mankhwala a kashiamu. Zonse akufuna zilimo kale, zoonjeza zimawononga. Akadya apume ola lathunthu, chifu chingapotoke. Ukamusisita m'mbali uzimva nthiti pansi pa zala. Ukasiya kuzimva, wanenepa."

Maliro atatha, anthu atabalalika, kopelo ndi lomwe linkamudzutsa m'mawa. Ankathira timibulu touma m'kapu, n'kusalaza pamwamba ndi chala kuti pasapitirire ngakhale kamodzi. Masana ankatseka shopu yake, yomwe inali misewu iwiri kuchokera kunyumba, n'kubwera kudzayezanso. Loweruka lililonse ankapita ndi Mtambo pa sikelo kwa dokotala, ndipo akabwerako ankamuimika pachitseko cha kukhitchini n'kulemba ndi choko chosokera pamene pafika msana. Mizere yoyera inkakwera pa felemu pang'onopang'ono. Akamaiyang'ana ankamva ngati mlongo wake akanali kuchipinda, akutsokomola, akumvetsera ngati kapu yadzaza bwino. Sankaulula kwa munthu, koma mumtima anali atatsimikiza kuti tsiku lomasula ulusi wofiira adzakhala ndi galu wowongoka ngati mzati, ndipo akatero ndiye kuti achimwene sanalembe pachabe.

M'nyumbamo munatsala iye ndi bambo ake. Bambowo anagwira ulonda pa nyumba yosungira katundu zaka makumi atatu, ali ndi agalu pambali. Ndi iwo amene ankamusambitsa mwana wawo kuchipatala masiku omaliza, ndipo chichokereni kumanda anasanduka munthu wa pakhonde, mawu awo owerengeka. Mafupa awo anali atayamba kufooka, choncho kuchipatala anawapatsa mapiritsi oyera a kashiamu, limodzi m'mawa uliwonse. Telala ankawaikira piritsilo pa kambale, pafupi ndi tiyi ndi dzira lowiritsa. Chamasana ankawasiyira mu poto, mpunga ndi nyama, kenako n'kuthamangira ku makina ake.

"Galuyu mukumupha ndi njala," anatero bambowo tsiku lina, maso ali pa kapu yoyezera. "Anga a kuntchito aja ankakukuta mafupa mpaka ubweya kuwala. Uyu akudya timiyala ta m'thumba ngati nkhuku."

"Ndi mmene analembera achimwene, bambo."

Atamva zimenezo anatembenukira kumsewu.

Moyang'anana ndi shopu ya telala munali butchala, ndipo mwini wake anali mnyamata wamtali, wosalankhulalankhula. Epuloni yake inkang'ambika pafupipafupi modabwitsa. Ankabwera nayo atainyamula ngati mwana wodwala, n'kuima pakhomo mpaka telala atakweza mutu.

"Yang'ambikanso, atelala."

"Kodi ng'ombe zanuzo mumazidula zikanali zamoyo?"

"Zina zimakhala ndi mkwiyo."

Telala anali atazindikira kalekale kuti nsaluyo sinkang'ambika yokha. Mzere wake unkakhala wowongoka, wa mpeni wakuthwa. Chinsinsi chimenecho anachisunga, ndipo ankasoka pang'onopang'ono, ndi ulusi wabwino, mtima ukugunda mopitirira phokoso la makina.

Mtambo atakwanitsa miyezi isanu, sikelo inayamba kunena zachilendo. Dokotala wa ziweto anali mayi wa pakamwa pakuthwa, wovala magalasi pamphuno. Anayang'ana manambala, anayang'ana telala, anabwerezanso kuyeza.

"Mukumudyetsa simenti?"

Telala anatulutsa kope ndi kapu m'chikwama. Dokotala anachepetsako muyezo n'kumuuza abwerenso sabata yamawa. Sabata yamawayo sikelo inakweranso. Telala akamusisita Mtambo m'mbali zala zinkangomira m'mnofu wofewa, nthiti osazipeza. Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi galuyo anayamba kudzuka mozengereza. Mapazi akutsogolo anayamba kuyang'ana kunja ngati sizasi yotsegula, ndipo akamatsika sitepe ya pakhonde ankalira kamawu kochepa kosayenera chigalu chonsecho.

Dokotala anagwada n'kupinda mwendo wamanzere pang'onopang'ono. Mtambo ananjenjemera. Nthabwala zinamuthera mayiyo.

"Achemwali, galu sanenepa ndi mphepo. Alipo akumudyetsa mobisa, ndipo sikuti ndi nyama yokha. Mupezeni msanga. Mafupa amenewa akakhwima ali chopindika, palibe wowawongola, ngakhale ine."

Madzulo ake telala anafunsa bambo ake ngati kumabwera munthu iye akachoka.

"Angabwere ndani kwa nkhalamba?" anayankha motero, akupukuta magalasi awo.

M'mawa mwake anazungulira bwalo lonse ngati wotaya ndolo. Anasuzumira pansi pa mpanda, anavundukula bini, anafukula pamene Mtambo ankakonda kukumba. Kuseri kwa thanki ya madzi, pakati pa khoma ndi njerwa, anapeza mapepala abulauni atapanikizidwa, ambiri ndithu, ena ouma, ena magazi akanali ofiira. Onse anali opindidwa mofanana, ngodya zitalowetsedwa mkati ngati envulopu. Kupinda kumeneko ankakuona tsiku ndi tsiku pawindo la shopu yake. Munthu wopinda motero anali mmodzi yekha.

Anapeza wabutchala akunola mpeni. Munalibe kasitomala. Telala anaika pepala limodzi pa kauntala.

"Ili ndi lanu?"

Mnyamatayo analiyang'ana nthawi yaitali. "Ndi langa."

"Ndalipeza kuseri kwa thanki kwathu, ndi anzake ambirimbiri. Mumaponya pampanda ine ndikachoka, eti? Mumati galu akakukondani ndiye kuti mwini wakenso agwa?"

"Atelala..."

"Akupunduka. Mukundimva? Chinthu chimodzi chokha chomwe achimwene anandisiyira kuti ndisamale, miyendo ikupindika chifukwa cha chiwindi chanu. Tandiuzani kuti si inu."

Iye anaika mpeni pansi. "Nyamayo inachokadi pano. Zoti ikumupweteka sindimadziwa. Sichokanso."

Telala anatuluka. Anawoloka msewu, anatenga epuloni yomwe inali pa makina itasokedwa theka, singano ikanali momwemo, n'kukaiponya pa kauntala pamwamba pa pepala lija. Tsiku lonselo anasoka diresi la mkwatibwi nsana atalozetsa kuwindo. Geti analigulira loko watsopano, ndipo m'munsi mwa mpanda anamangamo waya.

Loweruka lotsatira sikelo inakwerabe.

Lachiwiri m'mawa anachita zonse monga mwa masiku onse. Anayeza kapu, anaika piritsi pa kambale, anatsanzika, anamenyetsa geti kuti limveke. Anakafika pakona n'kuima kuseri kwa galimoto yowonongeka yomwe inakhala pamenepo zaka zambiri. Anadikira ola lathunthu, maso ali pa mpanda, koma palibe anayandikira. Ngakhale wabutchala sanaonekere. Kenako telala anabwerera kudzera m'kanjira ka kuseri, anavula nsapato, n'kukankha chitseko cha kumbuyo pang'onopang'ono.

Choyamba anamva kaphokoso, ngati munthu akupera mchere. Bambo ake anali ataima patebulo la kukhitchini, akuphwanya piritsi loyera ndi kumbuyo kwa supuni. Anaphwanyiranso pomwepo chigoba cha dzira. Ufawo anauwaza pa dzira lawo la m'mawa, anavundukula poto, anatola nyama yonse ya chamasana chawo, n'kusakaniza m'mbale yachitsulo yomwe telala ankaganiza kuti inatayika. Anagwada movutikira, dzanja limodzi litagwira mpando. Mtambo anabwera akutsimphina, mchira ukumenya kabati.

"Idya, mwanangu," ananong'ona. "Idya msanga, mlongo wako asaone. Piritsili ndi lolimbitsa mafupa, anatero adokotala. Ine anga anatha kale ntchito."

Anayendetsa manja m'mbali mwa galuyo, kuchokera paphewa mpaka m'chiuno, mobwerezabwereza. "Waona? Lero sizikuoneka. Kuchipatala kuja ndinaziwerenga zonse, imodzi imodzi, thaulo likukodwa. Pano ayi. Pano sindidzawerenganso nthiti za munthu."

Apa m'pamene telala anawaona bambo ake bwinobwino, koyamba m'miyezi inayi. Lamba wawo anali ndi mabowo atatu atsopano, oboola ndi msomali. Kolala ya shati inkazungulira khosi osalikhudza. Iye amene ankadziwa chiuno cha kasitomala ndi diso lokha, sanaone kuti munthu wa m'nyumba mwake akutha.

"Bambo."

Sanadzidzimuke. Anangoika dzanja pamwamba pa mbale ngati mwana wogwidwa ndi shuga.

"Kuyambira liti?"

"Sabata ya maliro."

"Mapiritsi onse?"

"Onse." Anakhala pansi penipeni, nsana atatsamira kabati. "Mnyamata wa nyama uja usamude. Ndinamulumbiritsa kuti asakuuze. Atakana kundigulitsa, ndinayamba kumupatsa galuyu yangayi."

Telala anafuna kukuwa. Mawu anafika pakhosi, akuthwa, okwanira kuwadula bambowo pakati. Koma anangowerama, anachotsa mbale ija pakamwa pa Mtambo, n'kukataya zonse mu bini.

"Valani jekete," anatero. "Mukamve nokha."

Dokotala anamujambula Mtambo mafupa, ndipo chithunzicho anachiimika pawindo kuti dzuwa lidutsemo. Analoza ndi cholembera. M'mwendo wakutsogolo munali mafupa awiri ogundizana. Limodzi linali litasiya kukula, linzake n'kupitiriza, ndipo posowa kolowera linapindika ngati uta. Chigongono chinali chitasuntha pamalo pake.

"Wamanjawu tikhoza kuupulumutsa akatsika thupi," anatero. "Wamanzerewu tachedwa. Ndimuchita opaleshoni kuti ululu uchepe, aziyenda. Zothamanga iwalani."

Bambo aja anayandikira chithunzicho mpaka mpweya wawo unachita nthunzi pagalasi. "Ndi piritsi lija?"

"Piritsi, zigoba, chiwindi, kunenepa, zonse pamodzi. Inu mukamwa kashiamu wambiri thupi limataya wotsala. Kagalu sikadziwa kutaya, kamangolandira yense, mafupa n'kusokonekera."

"Ndimati ndikumulimbitsa."

"Ndikudziwa, bambo." Dokotala anavula magalasi n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Nanga mwini piritsi uja, akuyenda ndi mafupa ati? Mawa mupite kuchipatala cha anthu. Kuno nkhalamba sitilandira."

Palibe anaseka. Pobwerera bambowo anayenda kumbuyo, kutali, ngati munthu woperekeza maliro a kwa eni.

Tsiku la opaleshoni panafunika munthu wonyamula galu wolemera ngati thumba la simenti. Telala anakaima pakhomo la butchala.

"Bwanji simunandiuze?"

"Anandigwira dzanja, atelala. Analira. Ine bambo anga sindinawaonepo akulira, ndiye sindinadziwe pothawira."

"Mukanandiuza mwezi umodzi m'mbuyomo, mwendo uja ukanapulumuka."

"Ndikudziwa. Ndimaganiza zomwezo tsiku lililonse."

Anatseka butchala, anamunyamula Mtambo popita ndi pobwera, ndipo anakhoma thabwa lotsetsereka pa sitepe ya pakhonde. Telala anamuthokoza, koma epuloni sinabwerenso kushopu, ndipo iye sanaifunse. Nthawi zina akakweza mutu pa makina ankaiona kutsidya kwa msewu, itasokedwa theka ndi ulusi wake, theka linalo litagwidwa ndi mapini.

Kunyumba anasintha malamulo. Piritsi bambo ankameza iye akuona, n'kutsegula pakamwa ngati mwana. Chamasana ankadyera limodzi. Ndipo kapu yoyezera anaipereka m'manja mwawo.

"Muziyeza ndinu. Mukasalaza pamwamba, mundionetse."

"Ukundilanga, mayi?"

"Ayi. Mukapanda kumudyetsa poyera mudzayambanso kuseri."

Chovuta sichinali kapu. Kope linkati Loweruka lililonse munthu asisite m'mbali, ndipo dokotala anati Mtambo atsike mpaka nthiti zibwerere. Sabata yachisanu ndi chiwiri zinabwerera. Bambowo anayendetsa zala, anaima, nkhope inachita ngati yathiridwa phulusa. Anatuluka n'kukakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Koma Loweruka linalo anagwadanso okha, osauzidwa, ndipo anati, "Zilipo," ngati munthu wonena za ngozi ya pamsewu.

Miyezi inapita. Mizere ya choko inakwera mpaka inafika m'chiuno mwa telala, kenako inaima. Mtambo anasanduka chigalu chachitali, chofatsa, cha maso achisoni, choyenda mogwedeza mutu uku mwendo wamanzere ukukokera kunja. Kukazizira ankakana kudzuka. Masamba a kope anatha limodzi limodzi. Loyandikana ndi lomaliza linati asinthe chakudya, ayambe cha agalu aakulu okhwima, azisakaniza ndi chakale pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu, ndipo azidya kawiri pa tsiku. Anachita zomwezo.

M'mawa wa tsiku la chaka ndi theka, telala anakhala patebulo la kukhitchini ndi kalumo kake kosolera ulusi. Anali atalota za tsambali kambirimbiri. Nthawi zina ankaganiza kuti muli dzina la mtsikana amene achimwene ankamukonda mobisa, nthawi zina kuti muli mawu a iye yekha. Anadula mfundo, ulusi wofiira unasololoka wonse. Zilembo zinali zazikulu, zogwa, zina zosamaliza.

"Tsopano mafupa akhwima. Wagwira ntchito, mlongo wanga. Pitani naye kubwalo la mpira m'mawa, udzu ukanali wonyowa, mukamumasule chingwe. Ndinawaona amake akuthamanga tsiku lomwe ndinakamutenga, ndipo sindinaonepo chinthu chokongola chotero. Bambo akakhalepo, akaone."

"Walemba chiyani?" Bambo ake anali ataima pakhomo, kapu ili m'manja.

Telala anaphimba tsambalo ndi chikhatho. Bodza linali pafupi, losavuta: akanati walemba za katemera. Koma m'nyumbamo zobisa zinali zitadya kale mwendo umodzi. Anachotsa dzanja n'kuwakankhira kopelo. Bambowo anawerenga milomo ikuyenda, anabwerezanso, kenako anaika kapu pansi.

"Tiye," anatero.

Bwalo la mpira linali lopanda munthu. Mame anawanyowetsa nsapato. Anayenda pang'onopang'ono, nkhalamba ndi ndodo yake, galu ndi mwendo wake, telala pakati. Atafika pamzere wapakati telala anawerama n'kumasula chingwe.

Mtambo anaima, mphuno ili m'mwamba. Kutsogolo, pafupi ndi golo, kunatera mbalame zoyera. Makutu ake anadzuka, thupi lonse linakungika, ndipo kwa kanthawi kochepa telala anaona galu amene mlongo wake ankamuona polemba. Anadumpha kamodzi, kawiri, miyendo yakumbuyo ikuponya dothi. Kachitatu mwendo wamanzere unapinda, chifuwa chinagunda pansi, n'kutsetsereka pa udzu. Mbalame sizinauluke n'komwe.

Anadzuka yekha, mosalira. Anayang'ana mbalame zija kanthawi, kenako anatembenuka n'kubwerera akutsimphina, nadzatsamira miyendo ya nkhalamba ndi thupi lake lonse, mpaka ndodo inagwa.

"Ndaona, mwanangu," anatero bambowo. Telala sanadziwe ngati akuuza galu kapena mwini kope.

Anatsitsa dzanja m'mbali mwa Mtambo, pamene chifuwa chinkakwera ndi kutsika, ndipo zala zinapeza nthiti pansi pa ubweya wonyowa. Sanalichotse dzanjalo. Telala anatola ndodo, anakulunga chingwe m'manja, n'kudikira mpaka onse awiri atapeza mphamvu zobwerera kunyumba.